Khanda losakwana makilogalamu 2.5: gwero la vutoli ku Salima ndi momwe anamwino amalisamalira

Mwana akangobadwa, achibale amene akudikira panja pa wodi amafunsa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Mzamba amakhala ndi funso lina: sikelo yawerenga bwanji? Ikawerenga pansi pa makilogalamu 2.5, chisamaliro chimasintha nthawi yomweyo, chifukwa khanda lotere likhoza kuzizidwa, kulephera kuyamwa kapena kuvutika kupuma m'maola ochepa.

Mwezi wa November maiko amakumbukira ana obadwa masiku asanakwane. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ku Salima, kuchokera ku Chipoka, Senga Bay, Lifuwu mpaka kwa Makanjira, mweziwu uli ndi tanthauzo linanso. Mvula imayamba ndipo udzudzu umachuluka. Chimanga chimachepa m'nyumba. Nyanja imatsekedwa ku zida zina zophera nsomba, choncho ndalama ndi ndiwo zimasowa nthawi imodzi. Mayi amene ali ndi pakati m'miyezi imeneyi amakumana ndi zonsezi pamodzi, ndipo zotsatira zake zimadzaonekera pa sikelo tsiku lochira.

Kodi sikelo yochepa ndi iti?

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati mwana wabadwa ndi sikelo yochepa ngati sakukwana magalamu 2,500. Wosakwana magalamu 1,500 ali pachiopsezo chachikulu kwambiri.

Ana otere ali m'magulu awiri. Ena amabadwa msanga, pakati pasanakwane masabata 37, ndipo mapapo, khungu ndi mphamvu yoyamwa zimakhala zisanakhwime. Ena amakwanitsa masiku koma sanakule bwino m'mimba chifukwa chakudya ndi mpweya sizinkawafika mokwanira. Palinso ana amene ali ndi mavuto onse awiri. Kusiyanaku n'kofunika kwa namwino: wobadwa msanga amavutika kwambiri ndi kupuma, pomwe wokwana masiku koma wowonda amatsika shuga wa m'magazi msanga ndipo amafuna kuyamwitsidwa pafupipafupi.

Pa dziko lonse, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 7 alionse amabadwa ndi sikelo yochepa. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015/16 adapeza kuti ana 12 pa 100 alionse amene sikelo yawo yobadwa nayo idadziwika anali osakwana makilogalamu 2.5. Kafukufuku yemweyo adasonyeza kuti ana 27 pa 1,000 alionse obadwa amoyo ankamwalira asanakwanitse mwezi. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 lidaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 pa 100 alionse. Dziko lino lidalonjeza kutsitsa imfa za makanda kufika pa 12 pa 1,000 alionse pofika 2030, ndipo lonjezoli silingatheke popanda kupulumutsa ana ang'onoang'onowa.

Malungo amene mayi sakuwamva

Ku Salima, ngati mmene zilili ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, kutentha, madambo ndi minda ya mpunga monga ya ku Lifuwu zimapatsa udzudzu malo oswanirana pafupifupi chaka chonse. Munthu wamkulu wokulira kuno amakhala atadwala malungo kambirimbiri ndipo thupi lake limawapirira. Apa m'pamene pali msampha. Mayi woyembekezera akhoza kukhala ndi tizirombo ta malungo koma osamva kutentha thupi kapena litsipa. Tizirombo timakaunjikana mu nsengwa, yomwe ndi njira yodutsira chakudya ndi mpweya kupita kwa mwana. Njirayo ikaphimbika, mwana amakula pang'onopang'ono kapena amabadwa msanga. Amene amavutika kwambiri ndi amayi a pakati poyamba, chifukwa thupi lawo silinazolowere kulimbana ndi malungo a mu nsengwa.

Zambiri zomwe dziko lapansi likudziwa pa nkhaniyi zidachokera m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi, pa kafukufuku amene adachitika ku Mangochi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mu 1993 Malawi idakhala dziko loyamba kukhazikitsa lamulo lopereka mankhwala a SP, omwe ambiri amawatchula Fansidar, kwa amayi oyembekezera ngakhale asakudwala. Mayi amayamba kumwa pakati pakakwana masabata 13, ndipo amamwanso ulendo uliwonse wa ku sikelo, bola papite mwezi. Amafunika kumwa katatu kapena kuposerapo. Mu 2015/16, amayi pafupifupi 30 okha pa 100 alionse ndi amene adafika katatu. Chiwerengerochi chakhala chikukwera, koma ambiri akutsalirabe. Amayi amene ali ndi HIV ndipo akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku sapatsidwa SP, choncho n'kofunika kuuza namwino mankhwala onse amene mukumwa.

Chida china ndi neti yonyikidwa m'mankhwala, yomwe mayi amalandira ku sikelo. M'madoko ambiri si zachilendo kuona neti yotere ikukokedwa m'madzi osaya kugwirira tinsomba, kapena itatchinga dimba. Bambo amene watenga neti ya mkazi wake woyembekezera n'kupita nayo ku nyanja angabwere ndi ndiwo za tsiku limodzi, koma wasiya anthu awiri osatetezedwa usiku wonse.

Magazi ochepa pakati pa nsomba zambiri

Zimadabwitsa kuti mayi wokhala pafupi ndi doko akhoza kusowa zakudya zomanga thupi. Koma nsomba yabwino imapita ku msika wa ku Lilongwe, ndipo pakhomo pamatsala yochepa. M'mabanja ena mayi amadya pomaliza. Palinso chikhulupiriro choti mayi akadya kwambiri mwana amakula mopitirira n'kudzavuta pobereka, kapena kuti mazira amachititsa mwana kubadwa wopanda tsitsi. Zonsezi zilibe umboni. Mwana wochepa thupi ndi amene amadzavutitsa kwambiri akabadwa.

Usipa ndi matemba zodyedwa zathunthu, ndi mutu ndi minga yomwe, zili ndi zomanga thupi, ayironi ndi kashiamu. Nyemba, nsinjiro, bonongwe, chisoso, mango ndi mbatata yofiira m'kati zimathandizanso. Unduna wa Zaumoyo umalimbikitsa magulu 6 a zakudya, komanso kuti mayi woyembekezera awonjezere chakudya kamodzi pa tsiku.

Magazi amachepanso chifukwa cha malungo, nyongolotsi za m'mimba ndi likodzo. Mayi wa kunyanja amachapa, kutsuka mbale ndi kusamba m'madzi osaya momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo matendawa amamudya magazi pang'onopang'ono. Mapiritsi owonjezera magazi amene amaperekedwa ku sikelo ndi oyenera kumwa tsiku lililonse. Amayi ena amawasiya chifukwa cha nseru kapena chimbudzi chakuda. Chimbudzi chakuda sichoopsa, ndipo nseru imachepa mukamwa mutadya kapena pogona. Mayi amene akuona magazi mu mkodzo auze namwino, chifukwa likodzo lili ndi mankhwala ngakhale kwa woyembekezera.

Mwana akabereka mwana

Kafukufuku wa 2015/16 adapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Mtsikana wa zaka 15 thupi lake likukulabe, ndiye iye ndi mwana wa m'mimba amalimbirana chakudya chimodzi. Ndi yemweyonso amene ali pa pakati poyamba, pomwe malungo a mu nsengwa amaluma kwambiri, ndipo nthawi zambiri amabisa mimba poopa makolo ndi aphunzitsi. M'madoko momwe ndalama ya nsomba imayenda m'manja mwa anyamata ndi abambo, atsikana a sukulu amakopeka mosavuta. Lamulo la maukwati la mu 2015 komanso kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, koma lamulo limagwira ntchito pokhapokha mafumu, makolo ndi apolisi akalitsata.

Kubereka pafupipafupi nako kumafooketsa mayi. Akatswiri amalangiza kuti papite zaka 2 mwana atabadwa mayi asanatenge pakati pena. Mapasa nthawi zambiri amabadwa ochepa thupi, ndipo mayi wa mapasa ayenera kuchilira ku chipatala chachikulu.

Matenda ena amene amatsitsa sikelo ya mwana ndi kuthamanga kwa magazi, chindoko, matenda a m'njira ya mkodzo ndi HIV yosalandira mankhwala. Onsewa amapezeka poyeza ku sikelo ndipo ali ndi chithandizo. Fodya, kachasu ndi mowa wina uliwonse zimaononga kakulidwe ka mwana. Utsi wa nkhuni nawo ndi vuto, ndipo mayi amene amawamba nsomba tsiku lonse kenako n'kukaphika m'khitchini yopanda mazenera amaupuma kawiri.

Kuchedwa kuyamba sikelo

Pafupifupi mayi aliyense ku Malawi amapitako ku sikelo. Vuto ndi nthawi yoyambira. Mu 2015/16, mayi mmodzi yekha mwa amayi 4 alionse ndi amene adayamba m'miyezi itatu yoyambirira. Ena amadikira kuti mimba ionekere poopa kuti anthu oipa angaichite chipongwe. Ena amawerengera ndalama ya kabaza n'kuganiza zongopita kamodzi kapena kawiri kuti adzakhale ndi buku pa tsiku lochira. Ena amabwezedwa kapena kuchita manyazi chifukwa alibe bambo wowaperekeza.

Kuyambira mu 2016, WHO imalangiza kuti mayi aonedwe maulendo 8, ndipo ulendo woyamba ukhale pakati pasanapitirire masabata 12. Mayi amene wayamba pa miyezi 7 wataya miyezi yomwe akadamwa SP ndi mapiritsi a magazi, kugona mu neti yatsopano, kuyezetsa chindoko ndi kuthamanga kwa magazi. Mwana amanenepa kwambiri m'miyezi itatu yomaliza, koma nsengwa yomwe imamudyetsa imakhala itamangidwa kale m'miyezi yoyambirira.

Zinthu zinayi zimene namwino amayang'ana

Khanda lochepa thupi likabadwa, namwino amalimbana ndi adani anayi: kuzizidwa, njala, kubanika ndi tizirombo toyambitsa matenda.

Kuzizidwa n'kumene anthu ambiri a ku Salima sakhulupirira. Munthu amafunsa kuti mwana angazizidwe bwanji mu October, akuluakulu akugona panja chifukwa cha thukuta. Koma khanda lotere lili ndi khungu lopyapyala ndi mafuta ochepa, ndipo limataya kutentha msanga, makamaka kumutu. Thupi lake liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. N'chifukwa chake namwino amalipukuta nthawi yomweyo, kuchotsa nsalu yonyowa, kuliveka chipewa, ndi kuletsa kulisambitsa mpaka patapita maola osachepera 24, ngakhale masiku angapo ngati ndi laling'ono kwambiri. Mu June ndi July, mwera ukamawomba, chiopsezochi chimakula.

Pa kadyedwe, mankhwala oposa onse ndi mkaka wa m'mawere, kuyambira woyamba wachikasu uja. Mwana amene akutha kuyamwa amayamwitsidwa maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku, ndipo akagona amadzutsidwa. Amene akulephera kukoka bere, mayi amaphunzitsidwa kufinya mkaka n'kumumwetsa ndi kakapu. Wofooka kwambiri amadyetsedwa kudzera m'kapaipi kodutsa m'mphuno kukafika m'mimba. Namwino amawerengera mlingo wa mkaka potengera sikelo ya mwana ndipo amamuyeza tsiku lililonse. Kutsika pang'ono m'sabata yoyamba n'kwachibadwa, koma pambuyo pake ayenera kumakwera pafupifupi magalamu 15 pa kilogalamu iliyonse tsiku ndi tsiku. Madzi, phala ndi mankhwala azitsamba sizololedwa.

Pa kapumidwe, namwino amawerenga mpweya pa mphindi imodzi, kuyang'ana ngati nthiti zikulowa m'kati, ndi kumvetsera ngati mwana akubuula. Ana obadwa msanga nthawi zina amangosiya kupuma kwa kanthawi, ndipo amafuna maso a munthu nthawi zonse. Makina a Pumani, omwe amathandiza mapapo a khanda kukhala otseguka, adapangidwa ndi akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Rice ku America mogwirizana ndi madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo adafalikira m'zipatala zazikulu ndi za m'maboma. Mayi akayamba matenda masiku asanakwane n'kufika msanga ku chipatala, madokotala akhoza kumubaya jakisoni wothandiza mapapo a mwana kukhwima asanabadwe.

Pa matenda, chida chachikulu ndi sopo. Aliyense wogwira mwana asambe m'manja, alendo achepe, ndipo pa mchombo pasapakidwe phulusa, mafuta kapena china chilichonse kupatula mankhwala amene achipatala apereka.

Mwana amene wabadwira pa chipatala chaching'ono monga Khombedza, Maganga kapena Chipoka ndipo akufuna mpweya amatumizidwa ku chipatala cha boma la Salima. Zikavuta kwambiri amapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Paulendo wonsewo malo ake otetezeka ndi pachifuwa pa munthu, khungu kukhudzana ndi khungu.

Kangaroo: chifuwa cha mayi ngati chipatala

Njira ya kangaroo idayamba mu 1978 mumzinda wa Bogotá ku Colombia, komwe Dr Edgar Rey Sanabria adasowa makina okwanira otenthetsera ana. Kuno kwathu idakhazikika pa chipatala cha Zomba Central mu 1999, ndipo pambuyo pake idafalikira m'maboma onse. Mwana amavala thewera, chipewa ndi masokosi okha. Amaikidwa choimirira pakati pa mawere, miyendo itapindika ngati chule, mutu utatembenukira mbali imodzi kuti apume bwino, kenako amamangidwa ndi chitenje. Mayi amagona chotsamira. Chifuwa sichidalira magetsi, sichiwonongeka, ndipo bere lili pomwepo.

Kwa zaka zambiri lamulo linali loti mwana ayambe wapeza bwino m'chipinda cha makanda, kangaroo idzabwere pambuyo. Vuto linali loti ana ambiri amamwalira m'masiku atatu oyambirira, asanafike pachifuwa. Kafukufuku amene adachitika ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2021, adayesa kuyamba kangaroo mwana akangobadwa, ngakhale ali pa mpweya. Kuno adachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth. Mwa ana a sikelo ya pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8, imfa za m'mwezi woyamba zidatsika kuchoka pa pafupifupi 16 kufika pa 12 pa 100 alionse. Mu November 2022, WHO idasintha malangizo ake: kangaroo iyambe nthawi yomweyo, ndipo ichitike maola 8 mpaka 24 pa tsiku.

Malangizowa ndi osavuta kuwerenga koma ndi olemera kuwakwaniritsa. Akutanthauza kuti mayi akhale ndi bedi m'chipinda cha makanda momwemo, pakhale bafa ndi chakudya chake, komanso anamwino okwanira kuyang'anira mayi ndi mwana limodzi. Zipinda zambiri za makanda m'zipatala zathu zidamangidwa poganizira ana okha. Ndipo mayi amene wachitidwa opaleshoni kapena wataya magazi ambiri sangathe kunyamula mwana maola onsewo. Mutu umodzi susenza denga: bambo, agogo kapena azakhali akhoza kumunyamula pachifuwa chimodzimodzi.

Akatuluka m'chipatala

Ana ambiri amatulutsidwa asanakwane makilogalamu 2.5, bola akuyamwa bwino, sikelo ikukwera ndipo thupi silikuzizira. Apa m'pamene ena amatayika. Kumudzi ntchito imadikira mayi: madzi, nkhuni, munda, kuyanika nsomba. Anthu ena amaseka mayi wonyamula mwana kutsogolo, amvekere wabisa katundu wakuba. Tsiku lobwerera ku chipatala likafika, ndalama ya galimoto palibe. Mwambo wa chikuta, woti mayi ndi khanda akhale m'nyumba masiku oyambirira, ukhoza kuthandiza kangaroo ngati achibale atenga ntchito zonse za pakhomo, koma usakhale chifukwa chochedwera kupita ku chipatala.

Thamangirani ku chipatala, ngakhale usiku, ngati mwana wasiya kuyamwa, akupuma mofulumira kapena nthiti zikulowa m'kati, wazizira kapena watentha thupi, akukomoka, wafooka osagwedezeka, khungu kapena maso achita chikasu, kapena mchombo wafiira n'kumatuluka mafinya. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwitsidwe tsiku lomwe mwafika pakhomo. Mukhozanso kufunsa malangizo ku Chipatala Cha Pa Foni.

Zomwe zili pachiswe

Zida zopewera vutoli ndi zotsika mtengo: neti, SP, mapiritsi a magazi, zoyezera chindoko, chipewa ndi chitenje. Koma zambiri mwa izi zakhala zikugulidwa ndi ndalama za maiko ena. Ndalama zoposa theka zoyendetsera zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kwa othandiza akunja, ndipo boma la America kudzera mu President's Malaria Initiative lakhala likuthandiza Malawi pa nkhondo ya malungo kuyambira mu 2006. Mu January 2025 boma limenelo lidaimitsa thandizo lake lambiri lakunja, ndipo pambuyo pake bungwe la USAID lidatsekedwa. Malawi idasaina nawo pangano la ku Abuja la mu 2001 loti gawo la 15 pa 100 la bajeti lizipita ku zaumoyo, koma zaka zambiri yakhala ikulephera kufikapo.

Neti kapena SP ikasowa pa sikelo lero, palibe amene amafa pomwepo, choncho nkhaniyo siimveka pa wailesi. Zotsatira zake zimadzafika patapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, m'chipinda cha makanda, momwe namwino mmodzi akuyang'anira ana ambiri usiku. Aphungu, makhansala ndi makomiti a zipatala m'boma la Salima, lomwe linali ndi anthu oposa 470,000 pa kalembera wa 2018, ali ndi mafunso oti azifunsa mwezi uliwonse: SP ndi mapiritsi a magazi zilipo pa chipatala chilichonse? Ambulansi ili ndi mafuta? Chipinda cha makanda chili ndi anamwino angati usiku? Mwa ana amene adatulutsidwa ali pa kangaroo, ndi angati adabwereranso kudzayezedwa?

Pakhomo napo pali zoti muchite sabata ino. Ngati mwadumphitsa mwezi kawiri, pitani ku sikelo, ngakhale mimba isanaonekere. Ngati ndinu bambo, neti ibwerere pa mphasa, ndipo pa nsomba zomwe mwabwera nazo, yambani mwapatula za mayi musanawerenge zogulitsa.